Foni Yowoloka Malire Popanda Chiphaso

Palibe foni imene inandigonjetsapo ine Joe Mbewe. Ndakonzapo mafoni m'misika ya ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku Joni, ndipo shopu yanga ya pa boma la Mchinji ndinaimanga ndi manja angawa. Choncho gulu lathu la anthu odzipereka litayamba kuyendera midzi Loweruka lililonse kukathandiza anthu pa nkhani za mafoni mwaulere, ine ndinasankha midzi ya kufupi ndi Kachebere, kumene amati mafoni amavuta.

Kumeneko ndinapeza a Timoteyo ndi akazi awo, a Felista, akukangana pakhonde. A Felista anali oyembekezera, masiku atayandikira, miyendo itatupa. Mlangizi wa zaumoyo anali atawauza kuti mutu ukangoyamba kuwawa kwambiri, aimbire wa njinga yamoto awathamangitsire kuchipatala. Koma foni yawo inkati akangoika mayunitsi, nthawi yomweyo atha.

"Awa ndi amene akumaliza mayunitsi," anatero a Timoteyo. "Ndikangopita kudimba, ayamba kuimbira achemwali awo ku Chipata."

"Munandionapo?" anayankha a Felista. "Inu ndi amene mumakwera pachulu paja m'mawa uliwonse. Mumayankhula ndi ndani kumeneko?"

"Pachulu ndi pamene pamagwira netiweki, mayi!"

Ndinawapempha kuti andiperekeze pachulupo. Titakwera, ndinayang'ana foniyo n'kuyamba kuseka.

"Bambo, foni yanu yawoloka malire popanda chiphaso. Inu muli ku Malawi, iyo ili ku Zambia. Ikugwira netiweki ya kutsidyako, ndiye mukaimba mumalipira ngati mlendo."

"Ndiye ndigule ina?"

"Ayi, iyi ndi yabwino. Kungoti imadzisankhira netiweki yamphamvu. Tiiuze kuti izigwira ya kwathu yokha basi."

Titabwerera pakhonde, sindinawakonzere ine. Ndinawasonyeza podina, a Timoteyo n'kuchita okha, kenako a Felista. Atatha, tinazungulira pakhomo kufufuza pomwe netiweki ya kwathu ikugwira bwino. Tinapapeza kuseri kwa khola la mbuzi.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuvutika ndi chulu, kumachita kusiya khola langa lomwe?" anatero a Timoteyo.

"Ndipo mupepese," anatero a Felista. "Achemwali anga sanadye yunitsi yanu ndi imodzi yomwe."

Patapita masabata angapo, masana ena a Timoteyo ali kudimba, a Felista anamva mutu ukuwawa, maso n'kuyamba kuona mwachimbuuzi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kukhola, n'kuimba okha. Foni inalowa, wa njinga yamoto anafika msanga. Anamwino anati magazi awo ankathamanga kwambiri, ndipo akanachedwa zikanavuta. Anabereka mwana wamkazi wathanzi, dzina lake Stelia.

A Timoteyo anabwera kushopu kwanga atanyamula tambala.

"Achimwene, ndili ndi ngongole kwa inu."

"Bwererani naye, akadye amayi a Stelia," ndinawauza. "Ife odziperekafe sitilandira malipiro. Ngati mukufunadi kubweza, kaphunzitseni anzanu zomwe ndinakuphunzitsanizo."

Uthenga wanga kwa inu okhala m'malire ndi uwu: musanaimbe, onani dzina la netiweki pa foni yanu. Pezani malo ogwira bwino pakhomo panu vuto lisanabwere, ndipo aliyense m'banja adziwe kuimba yekha. Inunso amene muli ndi luso la mafoni kapena makompyuta, musalisunge m'shopu. Pitani nalo kumudzi, lingapulumutse moyo.

Loweruka lapitali ndinapeza a Timoteyo atakhala pansi pa mtengo wa mango, azibambo ndi azimayi atawazungulira, mafoni ali m'manja.

"A Joe," anakuwa atandiona, "awa ndi mabanja khumi ndi awiri, ndipo palibe foni yawo imene ikugonanso ku Zambia. Ngongole ija yatha?"

"Yatha, bambo," ndinawayankha. "Mwabweza mopitirira muyeso."