Khosi la Make Mapasa

Make Mapasa anakhala pabenchi ya chipatala msana uli njo, maso ali pakhoma la patsogolo pake, poti kwina kulikonse khosi silinkamulola kuyang'anako. Anthu odutsa m'khondemo ankangowamva mapazi. Pambali pake panali mwamuna wake, atafungatira chikwama cha mkaziyo pamodzi ndi buku lake la kuchipatala.

Ngozi yake sinali yoti munthu n'kukaikamba kwa anzake. Dzulo lake iye ndi mwamuna wake anaima ndi galimoto pa maloboti, lole yonyamula matabwa n'kuwagunda kumbuyo. Bampala inapindika, nyali imodzi inasweka, magazi sanatuluke ngakhale dontho. Anthu amene anaunjikana ankati apulumuka, ndipo nayenso anavomereza. Atafika kunyumba anasoka mpendero wa diresi ya munthu mpaka kumaliza. M'mawa mwake ndi pamene anafuna kudzutsa mutu papilo, mutu n'kukana.

Dokotala, mayi wa magalasi, anakweza chithunzi cha mafupa kuwindo.

"Palibe fupa lathyoka. Mukumva kuwawa pati, mayi?"

"Kumbuyo kwa khosiku mpaka paphewa," anayankha mwamunayo. "Mutunso ukuwapweteka."

Dokotala anamuyang'ana kaye bamboyo, kenako anabwerera kwa wodwala. "Ndi choncho?"

Make Mapasa anafuna kugwedeza mutu, ululu n'kumulasa kuchokera m'khosi mpaka kuseri kwa diso. "Ndi choncho."

"Galimoto ikagundidwa kumbuyo, mpando umakankha thupi kutsogolo koma mutu umatsalira," anafotokoza dokotalayo. "Umagwera kumbuyo, kenako n'kuponyedwa kutsogolo, ngati nsonga ya chikwapu. Zonsezo zimatha musanaphethire n'komwe. Minofu ndi mitsempha ya m'khosi imakokeka, ina imang'ambika pang'ono, ndipo chithunzichi sichingaonetse zimenezo. Pamene lole imagunda, munali mutayang'ana kutsogolo?"

"Ayi, anatembenukira kwa ine," anatero mwamunayo. "Amafuna kundiuza zinazake."

"N'chifukwa chake mbali imodzi yapweteka kwambiri."

Analemba m'buku muja, n'kuwapatsa mapiritsi ndi kolala ya siponji yomanga m'khosi.

Zinazakezo zinali mu envelopu, m'kathumba ka mkati mwa chikwama. Inali kalata yochokera kufakitale yosoka mayunifolomu, mumzinda wa ulendo wa tsiku lathunthu kumene kunkakhala mkulu wake. Ankamufuna akakhale kapitawo wa osoka makumi awiri, kuyambira pa wani mwezi wotsatira.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali akusokera pakona ya pabalaza, pakati pa firiji ndi shelefu ya mbale. Mwamuna wake sanali womenya, mowa sankaulawa, malipiro ankafika nawo pakhomo. Azimayi anzake ankati anakwatiwa bwino. Kungoti kasitomala akafunsa kuti chovala chitha liti, woyankha ankakhala bamboyo. Kutchalitchi akafunsa ngati mayi angalowe m'komiti, bamboyo ankawathokoza n'kuwakanira. Mapasa atapita kusukulu yogonera komweko, Make Mapasa anazindikira kuti ankatha tsiku lonse m'nyumbamo osamaliza chiganizo ndi chimodzi chomwe. Anasankha kunenera m'galimoto, poganiza kuti munthu wogwira chiwongolero amamvetserako pang'ono. Anatembenuka, anati, "Bambo a mapasa," ndipo lole inafika.

Mwamunayo anatenga tchuthi kuofesi. Ankamusambitsa m'mutu, kumuveka nsapato, kumudulira nyama tizidutswa ting'onoting'ono. M'mawa uliwonse ankaima kumbuyo kwake n'kumumanga kolala ija ndi zala zofatsa, akufunsa ngati yathina ndi kudziyankha yekha kuti ili bwino. Makina osokera anawafunditsa nsalu yapatebulo. Makasitomala anabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo zosasoka, iye akuwalandira pakhomo ndi kuwapepesa.

Apongozi anabwera kudzazonda. Anamuzungulira mpongozi wawo akusuzumira pansi pa kolala.

"Nanga bala lake lili pati?"

"Lili m'kati, amayi," anayankha mwana wawo.

"Matenda a masiku ano ndi amanyazi, amabisala," anatero mayiwo akukhala pasofa. "Koma mwana wanga wawonda ndi ntchito ya m'khitchini."

Make Mapasa anaseka pang'ono poti ndi zimene zinkayembekezeka. Kusekako kunamupweteka.

Tsiku lina mwamunayo atapita kukagula mapiritsi, Make Mapasa anavula kolala, anavundukula makina n'kukhala pampando wake. Ulusi unalowa pasingano ulendo wachitatu. Anaweramira kansalu kotsala n'kuyamba kupalasa. Mphindi zisanu zisanathe, mutu unalemera ngati ndowa yodzaza, chipinda chinayamba kuzungulira, ndipo anakafika kubafa chokwawa n'kusanza. Pamene geti imalira, makina anali atafundanso, kolala ili m'khosi.

Mkulu wake anaimba foni Lolemba. "Iwe, anthu aja akuti akudikira mpaka Lachisanu. Wamuuza?"

Mwamunayo anali pomwepo, akusita malaya. "Ndikupezako bwino, asisi," anatero Make Mapasa. "Ndikuimbirani."

Lachisanu linafika, linadutsa. Iye analiona likudutsa pakhoma la pabalaza, dzuwa likutsetsereka kuchoka pakalendala mpaka pansi.

Mlungu wachinayi anapita ku mafizo, kumene amawongola ziwalo. Mayi wa mafizo, wamfupi wa mikono yolimba, anangoona kolala ija n'kuima.

"Ichi mukuvalabe? Dokotala analemba kuti masiku atatu."

"Akavula amamva kuwawa," anatero mwamunayo.

"Azimva kuwawa, bambo. Khosi likazolowera kugwiriziridwa limafooka, kenako limauma. Tadikirani kaye panja."

"Koma ndine ndikudziwa mmene..."

"Khosi ndi lawo. Panja pali benchi."

Chitseko chitatsekedwa, m'chipindamo munangoti zii. Mayiyo anamasula kolala, n'kuika zikhatho zofunda m'mbali mwa khosi. Anafunsa za ntchito, za tulo, za mutu, ndipo funso lililonse ankalidikira mpaka liyankhidwe. Make Mapasa anadabwa kumva mawu ake omwe akutalika chotero.

"Ndidzasokanso tsiku lonse?"

"Ambiri amachira m'milungu yochepa, ena miyezi. Alipo amene kaululu kamawatsalira. Sindingakunamizeni kuti inu muli mbali iti." Anamuphunzitsa chochita: kutembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka pamene ululu wayambira, kuwerenga mpaka faifi, kubwerera. Kakhumi mbali iyi, kakhumi mbali inayo, katatu patsiku.

Anakwera galimoto kubwerera kunyumba. Galimoto ikaima, mapewa a Make Mapasa ankakwera okha, makutu ali kumbuyo kumvetsera mabuleki a eni ake.

Atalowa m'nyumba anakhala pampando wa patebulo lodyera. Mwamunayo anatulutsa kolala m'chikwama n'kuima kumbuyo kwake monga mwa masiku onse.

"Valani kaye pang'ono, msewu wakugwedezani."

"Ayi."

Zala zinaima m'malere. Make Mapasa ankaona khoma lokha, ndipo mwina n'chifukwa chake mawu anatuluka.

"Tsiku lija pa maloboti ndimafuna kukuuzani kuti ndapeza ntchito kwa asisi. Ndimafuna kupita ndekha."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Kalatayo ndinaiona tsiku loyamba lija, ndikufuna buku lanu la kuchipatala m'chikwama."

"Ndiye munangokhala chete mwezi wonsewu?"

"Ndimati mukamachira muiwala." Mawu ake anali otsika, osakhala a munthu uja woyankhira anzake. "Nanga ndikanatani, mayi? Ndikanakunyamulirani sutikesi kukakusiyani kudepoti?"

"Mukanandifunsa."

Firiji inalira, n'kusiya.

"Zoti masiku atatu zija, munaziwerenga m'bukumo?" anafunsa Make Mapasa.

Anadikira, monga mmene mayi wa mafizo anamudikirira iye, koma yankho silinabwere. Ankafunitsitsa kuona nkhope yake, kuti adziwe ngati anali munthu wamantha kapena wochenjera, koma bamboyo anaima pamalo pamene khosi silikanafika.

"Malo antchito aja anapatsa wina," anatero Make Mapasa. "Musavutike."

Mwamunayo anaika kolala patebulo mosamala, ngati chinthu choti chingasweke. Analowa m'khitchini n'kutsegula mpope. Madzi anatuluka nthawi yaitali, popanda phokoso la mbale kapena kapu.

Make Mapasa anawongola msana, manja ali pamaondo. Anayamba kutembenuza mutu kumanzere. Kalendala inadutsa, kenako shelefu, kenako ngodya ya khoma. Ululu unamugwira pamene diso linangofika pa mahinjesi a chitseko cha panja, chogwirira chake chisanaoneke. Anaima pomwepo, misozi ikulengeza, n'kuyamba kuwerenga.