Mphika Umene Unanenepa

M'chilimwe cha 1924, pa mishoni ina kufupi ndi Sinda panafika mzungu wofufuza za zomera. Anthu anamutcha Chimasamba, chifukwa m'mawa uliwonse ankapatsa moni masamba asanapatse anthu. Anabzala thonje m'miphika makumi anayi, ndipo mayi wina wa m'mudzi wapafupi, Yunesi, ndiye analembedwa ntchito yotunga madzi.

Womasulira lamulo la mzunguyo anali a Moffat, aphunzitsi a pamishonipo. Miphika yolembedwa choko ilandire chikho chimodzi patsiku. Yolembedwa makala isalawe ngakhale dontho.

"Ndiye anabzaliranji?" anafunsa Yunesi.

"Akufuna adziwe tsiku limene thonje limataya mtima. Tsamba lofota masana n'kudzuka m'mawa likadali moyo. Likapanda kudzuka, timalithirira kamodzi n'kudikira. Likakanabe, basi, talemba," anatero a Moffat.

Yunesi anasenza mtsuko wake. Mwamuna wake, Jairos, anapita ku Halale kukagwira ntchito, ndipo dzinja linali litadutsa kanayi. Kalata inabwera imodzi yokha, chaka choyamba. Atsibweni ake ankati mkamwini wosagwira khasu si mkamwini, komanso a Aroni, amene mkazi wawo anamwalira, anali atamufunsira kale ukwati kawiri. Koma nkhaniyi ikangoyamba, Yunesi ankakhala ndi uthenga watsopano: wina wobwera ku Halale wakumana naye pachitsime, akuti Jairos ali bwino, akubwera ikatha mvula. Anthu a mauthengawo sanawaonepo wina aliyense. Ankawapeka yekha.

Pamzere wamakala panali kathonje kena kopendekera kum'mwera. Masana kankagwetsa masamba ngati munthu wotula katundu. Tsiku lachisanu Yunesi analephera kupirira. Chimasamba ndi a Moffat atapita kukapuma, anakathirira theka la chikho, n'kuwaza dothi louma pamwamba. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi.

Anaiwala sikelo. Loweruka lililonse miphika inkayezedwa kulemera kwake.

"Mayi," anatero a Moffat, maso ali m'buku, "miphika yonse yamakala yaonda. Uwu wokha wanenepa."

"Mwina ndi mame."

"Mame a Okutobala? Osankha mphika umodzi? Akhala mame achifundo kwambiri."

Chimasamba anapisa chala m'dothi, n'kuchinunkhiza. Sanakalipe. Analankhula pang'ono, a Moffat n'kumasulira: "Akuti mtima wanu ndi wabwino, koma mwatibisira tsiku. Theka la chikho silikulitsa thonje, limangoliletsa kutiuza zoona. Likhoza kuima choncho chaka chonse, osafa, osabala."

Yunesi anayang'ana kathonje kaja. Kanali kobiriwira ndithu, koma chiyambire sabata kanalibe tsamba latsopano.

Sanakathirirenso. Ankafika mbandakucha, anzake asanayambe kusinja, n'kukapeza katadzuka. Kanadzuka masiku asanu ndi atatu. Lachisanu ndi chinayi masamba anangoti lende. Chimasamba anamupatsa Yunesi chikho chodzaza kuti athire yekha, poyera, onse akuona.

"Tsopano?" anafunsa Yunesi.

"Tsopano tidikire," anatero a Moffat. "Kuyankha n'kwa mbewu."

Madzulo ake anapeza atsibweni akusema mpini pansi pa msuku. Anagwada chapatali.

"Atsibweni, kuchokera kalata ija, sindinamvepo kanthu. Anthu a pachitsime aja kulibe."

"Ndinkadziwa. Chitsime chathu sichili panjira ya ku Halale."

"Ndiloleni ndilembe kalata imodzi. Tikakolola popanda yankho, muwayankhe a Aroni."

Atsibweni anauzira tizidutswa tamtengo pampini. "Tikakolola," anatero.

M'mawa mwake sanayambire kumiphika. Anapita kusukulu, ana asanalowe, n'kuuza a Moffat kuti Lolemba kunyamuka anthu opita ku Halale, ndipo akufuna awapatsire kalata.

"Ndilembe kuti mwawasowa?"

"Ayi. Lembani kuti denga limene anafolera lija linayamba kudontha dzinja lathali. Lembani kuti ndidikira mpaka tikolole mapira." A Moffat atalemba, anaonjezera: "Lembaninso kuti mpando wawo sindinabwereketse."

A Moffat anaumitsa inki, n'kupinda pepalalo.

"Kathonje kanu kaja mwakaona lero?"

"Sindinapiteko."

"Ine ndadzera komweko. Ndikuuzeni?"

Yunesi anamangirira kalatayo pansonga ya nsalu yake, n'kukoka mfundo ndi mano.

"Musandiuze," anatero, akusenza mtsuko. "Ndikaona ndekha."