Mphini za a Nambewe

Mayi anga, a Nambewe, anajambulidwa kamodzi kokha moyo wawo wonse, ndipo tsiku limenelo tinachita kuwakakamiza. Unali ukwati wanga. Wojambula anabwera pa njinga yakapalasa, kamera ili lende pakhosi, n'kuwaimika patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Iwo anaima ngati akudikira jakisoni. Pakamwa anatseka chifukwa dzino lina la kutsogolo linali litachoka, koma maso anali akuseka, ndipo mphini zawo za kumaso, zimene anatemedwa ali namwali, zinaoneka bwinobwino. Anamwalira mafoni ojambula asanafike kumudzi kwathu, kuseri kwa Nathenje. Ndiye chithunzicho chinali nkhope yawo yonse imene tinatsala nayo. Chinkakhala kwa ine ku Mitundu kumene ndimaphunzitsa, mufulemu, pamwamba pa kabati.

Chaka chatha abale tinagwirizana zomanga chiliza pamanda awo, patapita zaka zambiri tikungolonjezana. Amene anatenga udindo wa zokongoletsa anali mlongo wanga Alick, mzime m'banja mwathu. Alick amagwira ntchito ku Lilongwe pa kampani ina ya makompyuta, ndipo mukamufunsa chimene amachita kwenikweni amakuyankhani m'Chizungu mpaka musiye nokha. Kwa iye vuto lililonse lili ndi apu yake ya pafoni. Chimanga chikafota, apu. Mwana akakanika kuwerenga, apu. Ine makompyuta sindidana nawo ayi, foni ndili nayo ndipo ndimaigwiritsa ntchito. Chimene chimandinyansa ndi matama a anthu ake, amene akaona chinthu chakale amangoti n'chowonongeka, chikudikira iwo kuti achikonze.

Anafika kwathu Lamlungu lina masana, foni ili m'manja ngati kuti anabadwa nayo.

“Achemwali, mundibwereke chithunzi cha mayi. Tikufuna tichiike pachiliza, komanso pa matisheti ovala tsikulo.”

“Chithunzi chimenechi sichituluka m'nyumba muno,” ndinatero.

“Sabata imodzi yokha. Ku Nathenje kuli mnzanga Esau, ali ndi shopu yosindikiza, makina ake ndi apamwamba. Taonani mmene chafwifwira, m'mbalimu njenjete zayamba kudya. Tikachilowetsa mu kompyuta sichidzafanso, achemwali. Adzukulu a adzukulu anu adzachiona.”

Mawu akuti sichidzafanso ndi amene anandigonjetsa. Ndinachichotsa mufulemu ndi manja anga, n'kuchiika mu envelopu, n'kumuuza kawiri konse kuti chibwerere. Iye anali akuyankha uthenga pafoni, anangogwedeza mutu.

Sabata inatha, mwezi unatha. Ndikamuimbira ankati, “Chili bwinobwino kwa Esau, musadandaule.” Ndikati anditumizire pafoni ndione zimene apanga, ankaseka n'kunena kuti akufuna ndidzadabwe pa tsikulo. Kudabwako ndinadabwadi.

Loweruka la mwambo ndinafika kumudzi m'mawa dzuwa lisanatenthe. Pabwalo panali poyera ndi matisheti. Amayi otunga madzi, abambo onyamula mabenchi, azisuweni ochokera ku Likuni ndi ku Malingunde, aliyense pachifuwa atanyamula nkhope ya mzimayi. Ndinayandikira mmodzi kuti ndiwaone mayi anga. Amene ndinamuona anali mtsikana woyera khungu, masaya osalala ngati tomato wa pamsika, nsidze zojambulidwa, mphuno yowongoka. Anali akumwetulira, mano onse ali mbee, ndi la kutsogolo lija lomwe. Mphini panalibe ngakhale imodzi. Chokhacho chimene ndinachizindikira chinali duku, ndipo m'munsi mwake analembamo dzina la mayi anga.

Ndinapita kukalavula kuseri kwa nkhokwe.

Kumene amayi ankaphika, nkhani inali yomweyo, koma iwo anali okondwa.

“Koma azungu ndi afiti,” anatero wina akusonkhezera nkhuni. “Munthu wakufa kalekale, kumudzutsa n'kumudzoza mafuta!”

“Ine ndawauziratu ana anga, ndikadzafa adzandipititse kwa Esau yemweyo. Andichotse makwinya onsewa, abambo awo adzandilire zenizeni.”

Onse anaseka. Wachitatu, amene mwana wake amaphunzira ku koleji, anawafotokozera kuti si ufiti ayi, ndi nzeru zimene anaziika m'makina, zimaona pamene pawonongeka n'kukonza zokha. Atandiona anandipatsira tisheti yanga m'manja.

“Aphunzitsi, valani! Mayi anu atuluka bwino ngati wowerenga nkhani pa TV.”

Ndinapita nayo kukamufuna Alick, ndipo ndinamupeza akulumikiza mawaya a zokuzira mawu pansi pa tenti.

“Alick, uyu ndi ndani?”

“Ndi mayi,” anayankha akumwetulira ngati mwana wokhoza mayeso. “Mwadabwa eti? Imeneyo ndi AI, achemwali. Chithunzi chija chinali ndi zokandika zambiri kumaso, pulogalamu yachotsa zonse.”

“Zokandika? Iwe, zimene zija ndi mphini! Mayi ako anatemedwa ndi lumo, magazi akutuluka, osalira, mudzi wonse ukuona. Iwe unayamwa ukuziyang'ana. Lero ukuti zokandika?”

“Pulogalamu singadziwe zimenezo. Iyo ikaona mzere pankhope imati ndi chithunzi chang'ambika.”

“Nanga iwe? Nawenso ndiwe pulogalamu?”

Anayang'ana uku ndi uku kuopa kuti anthu amva. Kenako anatsitsa mawu.

“Achemwali, kunena zoona, zinthu zimene zija n'zachikale. Anzanga akuntchito abwera pano. Palibe cholakwika kuti mayi aoneke bwino. Aliyense wakondwa, ndinu nokha.”

Ndinamuyang'ana mlongo wangayo, ndipo ndinanyansidwa naye kuposa makinawo. Makina sanawadziwe a Nambewe. Iye anaberekedwa kumbuyo kwawo mpaka miyendo yake inkafika m'mawondo mwawo. Ndinamuponyera tishetiyo pamapazi n'kumuuza kuti Lolemba ndikufuna chithunzi changa.

Choipitsitsa chinali chisanafike. Kumanda, ataimba nyimbo, anavundukula nsalu imene inaphimba chiliza. Pamwamba pa dzina, pa tailosi yonyezimira yomatidwa ndi simenti, mtsikana uja anali akutimwetulira. Anthu anaomba m'manja, ena nthungululu. Mkulu wa mpingo amene ankalalikira anasiya zimene anakonza, n'kuloza chithunzicho. Anati umu ndi mmene tidzaonekere kumwamba, opanda banga, opanda chipsera, ndipo ngati kompyuta yopangidwa ndi munthu ingathe kuchita zotere, kuli bwanji Mlengi. Anthu anati amen. Ine ndinangoyang'ana pansi, ndikukukuta mano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu mmodzi yekha sanaombe m'manja. Mayi aang'ono a Felesiya, mng'ono wawo wa mayi anga, anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka pachilizapo. Anawerama, n'kuyendetsa chala pa tsaya la chithunzicho ngati akufuna pamene pali njere. Atadzuka anafunsa, osakweza mawu, koma oyandikira onse anamva.

“Chilizachi n'chokongola. Nanga cha achemwali anga mudzamanga liti?”

Alick ananamizira kuti foni yalira, n'kuchoka.

Lolemba anandiimbira kuti watanganidwa ndi sisitimu ya makompyuta a ku ofesi imene yagwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha kwa ahedi, n'kukwera minibasi ziwiri mpaka pa Nathenje. Shopu ya Esau inali pakati pa ogulitsa feteleza ndi ometa tsitsi, chikwangwani chake chikulonjeza zinthu zambiri kuposa mmene chipindacho chingakwanire. M'katimo munali fungo la inki ndi fumbi. Pakhoma anapachika zithunzi za anthu amene anawakonza, akwati, ana a sukulu, omwalira, ndipo onse ankaoneka ngati ana a mayi mmodzi.

Esau anali bambo wonenepa, waulemu, wa magalasi. Nditadzitchula anadzuka n'kundipatsa mpando wake.

“Achemwali awo a Alick! Mwaiona ntchito ija, madamu? Anthu atatu abwera kale chifukwa cha chiliza chimene chija.”

“Ndabwera kudzatenga chithunzi changa. Cha pepala.”

Anatsegula dirowa, n'kutseka. Anayang'ana m'katoni ya pansi pa tebulo, anasuntha mabuku, anakanda kumutu.

“Madamu, mapepala akale sitisunga nthawi yaitali. Malo ndi ochepa. Alick sananene kuti chibwerere, ndipo poti tinali titachilowetsa kale mu kompyuta, ndikuganiza kuti chinapita ndi zinyalala. Timaotcha kuseriku kumapeto kwa mwezi.”

“Munaotcha.”

“Pepala lokha, madamu. Pepala si kanthu masiku ano.”

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinkafuna kukuwa kuti Nathenje yense amve, koma ndinadzigwira, chifukwa chiyembekezo chinali chidakalipo.

“Chabwino. Ndisindikizireni chimene munalowetsa mu kompyutacho. Mmene chinalili, musanachikhudze.”

Anakhala pansi n'kuyamba kudina. Anafufuza kwa nthawi ndithu, akung'ung'udza kanyimbo. Pa sikirini panatulukira mtsikana uja. Anadinanso kwina, yemweyo. Kenako anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

“Pulogalamu imeneyi ikakonza chithunzi, chatsopano chimakhala pamalo pa chakale. Ndi mmene anaipangira, kuti malo asamadzaze. Anthu ambiri chakalecho sachifunanso.”

Pomwepo ndinamuimbira Alick. Anati m'foni mwake muli chokonzedwacho basi, chakale sanachijambule chifukwa sichinkaoneka bwino. Ndinadula asanamalize. Chithunzi chimene chinakhala pakabati panga zaka zonsezi, njenjete zikuchidya pang'onopang'ono mwaulemu, anthu a nzeru anachimaliza mwezi umodzi.

Misozi inatuluka, sindibisa. Esau anachita manyazi, ndipo manyazi a anthu a makompyuta amathera pa kukulonjeza pulogalamu ina.

“Musalire, madamu. Palibe chimene chatayika. Kompyuta yomweyi imene inachotsa ikhoza kubwezeretsa. Mungondiuza kuti mphinizo zinali zingati, mbali iti, zoimirira kapena zopingasa. Ine ndilemba, iyo ijambula. Khungu tilidetsa, pakamwa titseka. Sindikulipiritsani.”

Ndinafuna kumutukwana, koma ndinaganiza za fulemu yopanda kanthu kunyumba. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze.

Zinali m'masaya onse awiri, zimenezo ndinali nazo chikhulupiriro. Kapena tsaya limodzi ndi pachipumi? Pachipumi panali kanthu ndithu, pakati pa nsidze. Kapena amenewo anali agogo? Ndinkachiona chithunzicho tsiku lililonse popukuta kabati, koma munthu suwerenga nkhope ya mayi ako. Umangoiona n'kudziwa kuti ndi iwo.

Ndinaimbira mpongozi wa mayi aang'ono kuti awapatsire foni.

“Mayi, mphini za achemwali anu zinali zingati?”

Anandiyankha pang'onopang'ono.

“Mwana wanga, ine sindinatemedwe, nthawi yanga a mpingo anali ataletsa. Zinali kumaso, monga mphini zimakhalira. Ndani ankawerenga? Si iwe unkasunga chithunzi?”

Esau anali atamva zonse. Anati ndisavutike, kompyuta itipatsa zitsanzo, ine ndingosankha. Analemba mawu ake a Chizungu, n'kudina, ndipo tinadikira kachizindikiro kakuzungulira pa sikirini. Panja wina anali akugogoda kuti akufuna kusindikiza makhadi a ukwati.

Panatuluka nkhope zinayi, zonse zitavala duku la mayi anga. Wina mizere itatu patsaya lililonse. Wina timadontho tozungulira diso. Wina mzere wautali kuchokera pachipumi mpaka pamphuno. Wachinayi anali ndi zonsezo pamodzi, ngati munthu wogwera paminga. Onse anali akuda bwino, onse atatseka pakamwa, onse akundiyang'ana.

“Mayi anu ndi ati apa, madamu?”

Ndinayang'ana woyamba, ndipo ndinati mwina. Ndinayang'ana wachiwiri, naye ndinati mwina. Ndinatsinzina kuti ndiwaitane a Nambewe eni ake, aime pansi pa mango paja ndiwaone bwino. Amene anabwera anali mtsikana wa pa matisheti uja, amene ndinakhala ndikumuona pachifuwa pa mudzi wonse tsiku lathunthu. Ndinayesanso, n'kubweranso yemweyo.

“Madamu,” anatero Esau mofatsa, akuyang'ana babu la kudenga limene linayamba kuphethira, “magetsi azima posachedwa. Sankhanipo mmodzi.”