Mizere Itatu Yakumbuyo

Aphunzitsi ena a masamu ana asukulu ankawatcha a Timizere, ndipo dzinalo linawakhala. Kwa zaka makumi atatu, Lachisanu lililonse ankapereka mafunso khumi a masamu, kenako n'kukhala pansi ndi kope lawo la chikuto chakuda. Anzawo ankawerenga okhoza, koma iwo ankawerenga zolakwa: funso likagwetsa mwana, kamzere. Funso la timizere tambiri ndilo ankadzuka nalo Lolemba. Masiku amenewo kalasi yawo inkakhoza mochititsa kaso, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kumpopi wa kuseri kwa ofesi.

Koma chaka chino zinthu zinavuta. Ahedi, mayi amene kale anali mwana wa m'kalasi mwawo, anawaitanira mu ofesi.

"Aphunzitsi, theka la ana lagwanso. Akuluakulu akuti kalasi ya mayesoyi ndipatse wina. Ine ndati ayi, tidikire kaye."

"Ana a masiku ano ndi alesi basi," anayankha a Timizere. "Ndipatseni mpaka Lolemba."

Loweruka anayala mapepala onse patebulo. Anayang'ana funso ndi funso, osapeza kanthu. Anasiyanitsa anyamata ndi atsikana, chimodzimodzi. Kenako anajambula kalasi yonse, desiki ndi desiki, n'kuika timizere pamene mwana aliyense amakhala. Kutsogolo kunali koyera. Mizere itatu yakumbuyo inada bii.

Lolemba anaima pabolodi monga mwa masiku onse.

"Inu akumbuyo, mukundimva?"

Kunali zii. Anabwereza mokuwa mpaka kutsokomola. Mtsikana wina wamtali anaimirira mwamanyazi.

"Timangoona pakamwa panu, aphunzitsi. Timaopa kukuuzani, mungakhumudwe."

Chisoni chinawagwira. Chaka chonse anawo ankalephera mwaulemu, kuti nkhalamba isachite manyazi. Anawasunthira kutsogolo, ena n'kukhala pansi, koma kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu singakwane pamphuno pa munthu mmodzi.

Belu la buleki litalira, anapita ku ofesi n'kuyala pepala lija pamaso pa ahedi.

"Ana alibe mlandu, mwanawe. Kalasiyo upatse wina."

Ahedi anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Tingayesere njira ina, aphunzitsi."

"Mayeso atsala ndi miyezi iwiri, ukufuna tiyesere pa ana a eni? Moyo wanga wonse ndakhala ndikukuuzani kuti manambala sanama. Lero anena ine, ndiye ndiwatsutse?"