Tsiku Limene Kamiyao Inakana

Florentino anapotokolanso kiyi. Injini inakhosomola ngati nkhalamba ya chifuwa, kenako zii. Kuseri kwa phiri la Tumbine mfuti zinali zitayamba kale kuyankhana, ndipo msewu wa ku Muloza unali tho ndi anthu, mitolo pamutu, mbuzi pachingwe.

Kamiyaoyo inali lole ya kuminda ya tiyi, ya nthawi ija Milange inkanunkhira masamba owamba, osati utsi wa madenga. Lero inasenza matumba a chimanga, makina osokera ndi kama wa Cacilda, mkazi wake wamng'ono. Kutsogolo anakhazikako bambo ake, a Venâncio, amene miyendo inawafera kalekale.

"Munati tinyamuka dzuwa lisanakwere," anatero Cacilda ali pamwamba pa matumba. "Kapena mumanena dzuwa la mawa?"

"Tseka pakamwa iwe. Ndi batire."

Anatsegula boneti, napala mitu ya batire ndi mpeni mpaka inawala. Hutala inalira, nyali zinayaka. Batire inalibe mlandu. Mafyuzi onse anali amoyo. Anazula waya wa pulagi, nauyandikiza kuchitsulo.

"Bambo, tapotokolani kiyiyo."

Nkhalamba inapotokola. Moto sunathetheke, ngakhale wa chiphaniphani.

Faustino, wogulitsa mchere, anaima ndi njinga yake. "Patarau, bwana wanga, mukuikonza kapena mukuipempherera? Zigawenga za Amatsanga zafika kale kumsika!"

Florentino anagwanula chivundikiro chimene mawaya a mapulagi amakumanirapo, nasuzumira. M'kati munali mbee. Kachitsulo kozungulira, kogawa moto, kanalibemo.

Masiku amenewo aliyense wa galimoto ankaigoneka yolumala. Madzulo unkazula kachitsulo kaja, kuti obwera ndi mfuti kudzailanda aikankhe mpaka atope. Ntchito imeneyi Florentino anaisiyira Isaura, mkazi wake wamkulu, amene ankakamanga pansonga ya chitenje. M'mawa uliwonse kankabwerera m'malo mwake mwakachetechete, ngati madzi osamba, mwini wake mpaka anaiwala kuti pali dzanja limene limakabweza.

Dzulo lake Isaura anagwada, kupempha malo m'kamiyao a mayi ake osaona.

"Kamiyao si chipatala," anatero Florentino. "Miyendo ali nayo amako. Maso abwereke ako."

"Chabwino, bambo," anayankha Isaura. Tambala atangolira anagwiritsa mayi ake ndodo, iye kutsogolo, nalowera kumlatho wa ku Muloza, kumalire a Malawi.

Cacilda atamva kuti kachitsulo kapita ndi Isaura, anaseka mpaka misozi. "Galu wamkota sakandira pachabe! Inu mumati 'chabwino' uja ndi ulemu?"

Florentino anapinda msomali, nadula kachitini ka nsomba, namangirira ndi ulusi m'malo mwa kachitsulo kaja. Injini inaphulika kamodzi, phuu, msomali n'kugwera m'fumbi. Anayesanso. Msomali unagwanso. Mfuti tsopano zinkamveka ngati chimanga chokazinga kuseri kwa nyumba.

Atadzutsa mutu, Cacilda anali atakhala kale pa kaliyala ya njinga ya Faustino, kamtolo pamiyendo.

"Kamayo mugonepo nokha," anakuwa, njinga ikutsetsereka.

Florentino anayang'ana bambo ake. Anali munthu wamafupa akuluakulu, wolemera ngati thumba lonyowa. Anayang'ananso makina osokera. Ku Malawi munthu wa makina safa ndi njala. Anamasula mutu wa makinawo, nauika paphewa.

"Bambo, ndikukamupeza Isaura pamlatho. Nditenga kachitsuloko, ndibwera pompano."

A Venâncio anayang'ana makinawo, osati mwana wawo.

"Ukasokera komweko kachitsuloko?"

"Ndati ndibwera, bambo."

"Pita. Unditsekere chitseko, fumbi."

Anatseka. Analowa m'chigulu cha anthu, mutu pansi, makina akumudya phewa. Asanafike pokhota, kumbuyo kunalira hutala. Inalira, n'kusiya, n'kuliranso, yaitali. Anthu ankacheuka, kufunsana kuti galimoto ya ndani. Florentino yekha sanacheuke.

Batire inalidi yabwino. Anaimvabe mpaka kumtsinje.