Makina Osokera Pakhomo la Chimbudzi

Basi inatitula padepoti ya m'dziko la eni dzuwa lili paliwombo. Ndinatsika nditakumbatira mutu wa makina anga osokera, wokulunga m'bulangete n'kumanga ndi zingwe. Zovala ndikanataya osalira, koma makinawo ndiwo anali manja anga. Popanda iwo ndikanangokhala mlendo wodya za mlongo wanga.

Mlongo wangayo, amene anayenera kundichingamira, anaimba foni.

"Bwana wakana kunditulutsa msanga. Ukhale pabenchi, ndikupeza. Ndalama waika pati?"

"M'kathumba ka mkati mwa siketi, achimwene. Ndinasoka ndekha."

"Makinawo usasiyire munthu. Wina akati ndikunyamulireko, ukane. Akamwetulira kwambiri, ukanitsitse."

Ndinamvera. Anabwera bambo wa wilibala, ndinapukusa mutu. Anabwera wosintha ndalama akunong'ona, ndinayang'ana kumbali. Chingwe cha makina ndinachimanga kumwendo kwanga, ndipo ndinakhala ngati nkhuku yofungatira mazira.

Koma achimwene anaiwala chinthu chimodzi: munthu ali ndi chikhodzodzo. Tiyi amene ndinamwa kumalire anayamba kundikumbutsa kuti alipo. Amuna akamalangiza, zoterezi saziganiza n'komwe.

Ndinakwakwaza makina mpaka kuchimbudzi. Pakhomo panali kageti kachitsulo kozungulira, kodutsa munthu mmodzi, wowondanso. Ndinayesa chammbali, ndinayesa kusenza, makina anakana. Mayi woyang'anira pakhomopo analoza pansi kuti ndisiye pomwepo, kenako maso anabwerera pafoni. Ndisiyire ameneyo, woti ng'ombe ikanamudutsa osaiona? Ndinabwerera pabenchi misozi ikulengeza, nditakwiyira dziko lonselo pamodzi ndi mlongo wanga yemwe.

Moyang'anana nane panakhala mayi wina, khanda lili pachifuwa, zikwama zitamuzungulira. Ndinaona mmene ankapanira miyendo ndi kugwedeza phazi. Nayenso anali ataona zanga. Tinayang'anana, manyazi anatigwira, kenako tonse tinaseka.

Analankhula chinenero chake, ine osatolapo kanthu. Analoza makina anga, analoza maso ake. Ndinapukusa mutu. Nkhope yake inali ya munthu wabwino, koma akuba nawonso amabereka ana.

Mayiyo sanakhumudwe. Anakokera zikwama zake pafupi nane, anamasula nsalu, n'kundiika khanda m'manja, lofunda, lonunkhira mkaka. Anathamangira kuchimbudzi osacheuka.

Ine ndinkakaniza chitsulo, mnzanga wandisiyira mwana. Kamwanako kanandiyang'anitsitsa, kanagwira chala changa n'kuchilowetsa m'kamwa. Ndinachita manyazi, ndipo kwa nthawi yoyamba chitsikireni basi mantha anandichokera.

Atabwera anatenga mwana wake, anakhala pamalo panga n'kutambasula mwendo. Ndinamasula chingwe kwa ine ndi kuchimanga kwa iye. Ndalama ndi pasipoti ndinapita nazo, ndisaname. Kukhulupirira munthu sikutanthauza kuvula nzeru zonse. Ndinatuluka mothamanga. Makina anali pomwepo, mayiyo atawasanjika dzanja, akukalipira bambo wina wa jekete amene anayandikira mopitirira muyeso. Mawu sindinawamve, koma bamboyo anawamva bwino, chifukwa anachoka mofulumira.

Kuyambira pamenepo tinkasinthana. Iye anapita kukafunsa za basi yake, ine ndili ndi mwana ndi zikwama. Lamba wa chikwama chake china anali atathothoka, ndinatulutsa singano n'kumusokera pomwepo. Anandigawira madzi, ndinamugawira buledi.

Mlongo wanga anafika ine ndili pamzere wogula zakumwa. Anazindikira bulangete lakwathu, ndipo anapeza makina ali kumwendo kwa munthu wachilendo. Atangowerama kuti awagwire, mayiyo anamumenya dzanja.

Ndinathamanga ndikuseka. "Asiyeni, mayi, ndi achimwene anga awa," ndinatero, ndikuloza iwo ndi kudziloza pachifuwa.

Achimwene anasisita dzanja lawo. "Iwe, kodi mumadziwana?"

"Chinenero chake sindikuchimva, achimwene. Koma anayamba ndi iyeyo kundisungitsa mwana."