Bakuli la a Firmino

"Osameza ayi," anatero mlendoyo. "Vinyo timangomuzunguza m'kamwa, kenako n'kulavula."

Deolinda anali atangochokera ku Misa ya tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirire bambo ake, a Anacleto, ndipo kolona inali idakali m'thumba la diresi lake lakuda. Mlendoyu anabwera ndi Amílcar, mlongo wake wamng'ono wokhala mumzinda wa Porto, amene ankangotchula mlendoyo kuti a Injiniya. A Injiniyawo ankafuna kugula munda wa mphesa wa m'phiri umene bambo awo anasiya. Pepala logulitsira linali pa tebulo. Amílcar anali atasayina kale, panangotsala dzina la Deolinda.

A Injiniya anapisa mphuno m'tambula ngati galu wonunkhiza una.

"Muli fungo la zipatso zakuda, ka tsabola, ka utsi chapatali. Koma ngwaukali, akuumitsa lilime. Mphesa zake nzamtundu wanji?"

"Zonse," anatero Deolinda. "Zinadzalidwa ndi agogo, mitundu yoposa makumi awiri, chisakanizire. Bambo sankazifunsa mayina. Ankathyola zonse pamodzi n'kuzipondera pamodzi."

"Vuto lake ndi limenelo, mayi. Tidzazula zonsezo, tidzale mitundu itatu m'mizere. Vinyo wa kuno akasamalidwa amayenda ndi nyama ya nguluwe, kapena tchizi chokhalitsa."

"Mwamva, achemwali?" anatero Amílcar. "Nguluwe! Osati nyemba ndi kabichi zanu zija."

"Iwe nguluwe unaionera kuti? Si iwe unkathawa tsekwe wa a Firmino ukulira?"

Amílcar anaseka mwamanyazi, akukonza tayi. Deolinda anayang'ana manja ake osalala aja, amene sanagwirepo khasu chichokere pakhomo pano, kenako anapempha Mulungu chamumtima kuti amugwire pakamwa.

A Injiniya anadzaza vinyo m'kamwa, masaya tutumu, n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku pofuna polavulira. Amílcar anathamangira pawindo, natenga bakuli ladothi lobenthuka m'mphepete. Mlendoyo analavuliramo kawiri, n'kupukuta milomo ndi kansalu koyera.

Nthawi yomweyo belu la tchalitchi linalira kanayi, ndipo pakhomo panamveka ndodo. Anali a Firmino, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo, chipewa chili m'manja. Akazi awo anamwalira kalekale, mano anatha onse, ndipo anali munthu woti sangalandire chakudya chopatsidwa mwachifundo ngakhale atagona ndi njala. Choncho kwa zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku lililonse nthawi ngati ino, a Anacleto ankawaitana ponamizira kuti vinyo akuwakayikitsa. Ankanyemera buledi wa chimanga m'bakuli lija, kuthiramo vinyo ndi shuga, n'kudikira kuti afewe. Sabata yonse ya maliro nkhalambayo sinabwere. Lero miyendo inangoibweretsa.

Maso a Firmino anagwera pa bakuli, pomwe malovu ofiira ankayandama. Anayamba kubwerera m'mbuyo.

"Pepani, muli ndi alendo."

"Agogo, mubwere mawa," anatero Amílcar. "Tili pa nkhani yofunika."

Deolinda anaimirira. Anatenga bakuli lija, nakataya zimene zinali m'menemo kuseri kwa khola la nkhuku. Analitsuka kawiri ndi madzi otentha, n'kulipukuta ndi epuloni yake. Pobwerera anapinda pepala lija n'kuliika pafupi ndi tambula ya mlendo, cholembera pamwamba pake.

"Achemwali, simunasayine."

"Ndaona."

"Mundawu muulima ndi ndani? Inu nokha?"

"Ndidzafunsa amene amameza," anatero Deolinda. "A Injiniya, nguluwe zili kuphiri uko. Mukazipeza mukazipatse moni."

Anakokera mpando wa bambo ake pafupi ndi tebulo, nanyema buledi timagawo ting'onoting'ono, monga ankaonera tsiku ndi tsiku. Anathira vinyo mpaka buledi anamira, shuga masipuni awiri. Kenako anatembenukira kwa nkhalamba ija.

"A Firmino, khalani pansi. Vinyoyu akundikayikitsa, mwina wayamba kusasa. Tandilawirani."

Nkhalambayo inakhala, inachita chizindikiro cha mtanda, n'kudya pang'onopang'ono mpaka sipuni inagunda pansi pa bakuli. Kenako inapukusa mutu ngati munthu woganiza mozama.

"Sanasase," inatero. "Koma vinyo sadalirika, mwanawe. Tidzamuonenso mawa."